Kachitofu ka gasi kakagwidwa ndi chiperoni

Mwezi wa July ndidakacheza kwa msuweni wanga yemwe ndi mlonda pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mphatso yomwe ndidamutengera ndi kachitofu ka gasi, timene mavenda akugulitsa mu Limbe, koyendera kachitini kangati ka mankhwala a udzudzu. Ndinkadziona ngati munthu wothandiza, poti nkhuni kumeneko ndi nkhani ina. Phiri la Thyolo lidametedwa mpala kalekale, ndipo mitengo ya bulugamu ya m'maesiteti ndi youmitsira tiyi ku fakitale, osati yophikira mlonda.

Cha m'ma 4 koloko m'mawa chiperoni chidafika, mphepo yozizira ija yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chifunga chili tolo m'minda ya tiyi. Tidayatsa kuti tiwiritse madzi. Moto udayamba bwino, kenaka lawi nkumanka licheperachepera mpaka kusanduka ngati la kandulo. Kugwedeza chitini, gasi alimo ndithu. Kuchigwira, chikuzizira ngati chachokera mufiriji.

"Msuweni, akuberani ku Limbe," adatero mnzangayo, uku akutenga chitinicho kuti akachiwambe pa mbaula ya mlonda mnzake. Ndidamulanda. Akadachita zimenezo bwenzi pano ndikulemba za maliro.

Wa venda uja sadandibere ayi. Zochepa zomwe ndidatola ku yunivesite ndisadathawe zidandithandiza apa. M'chitinimo gasi amakhala ngati madzi, ndipo kuti ayake ayenera kusanduka nthunzi. Ambiri mwa timachitini totchipati muli butane, amene amasiya kuwira kuzizira kukafika pafupifupi madigiri 0. Mufunsa kuti kodi ku Thyolo kumafika pamenepo? Kawirikawiri sikufika. Koma gasi akamasanduka nthunzi amayamwa kutentha kwa chitini chomwecho, choncho mukamaphika chitini chimazizira kuposa mphepo ya panja, mphamvu nkugwa. Masilinda aakulu ambiri ali ndi propane, amene amawira mpaka pa madigiri -42, nchifukwa chake savutika chotere. Okwera phiri la Mulanje, komwe Sapitwa ali pa mamita 3,002, amasankha zitini zosakaniza gasi wa mitundu iwiriyi, komabe propane ndiye amayamba kutha, otsalawo nkukhala aulesi.

Mankhwala ake ngosavuta. Chitini chigone nanu m'bulangete kapena chikhale m'thumba la jekete musadachiike pa chitofu. Chikazizira pophika, zimitsani, chichotseni, muchiviike m'madzi ofunda oti chala chanu chikhoza kupirira. Pansi pa chitofu ikani thabwa, osati simenti yozizira. Ife tidachita zimenezi ndipo tiyi tidamwa kusadache.

Koma moto pa chitini ayi. Chitsulo chake nchopyapyala, chikatentha chimaphulika. Inu amalonda, ichi muziwauza ogula, chifukwa malangizo a pachitinipo adalembedwa m'zilankhulo zomwe ngakhale inuyo simuwerenga. Muwauzenso za poto. Mphika waukulu wa nsima ukaphimba mbali yomwe pagona chitini, kutentha kumabwerera pansi nkuchiwotcha. Ndipo chitini chikatha chatha, si chodzazanso kuseri kwa msika.

Ana a sukulu m'mahostelo, nanunso ndakuonani. Kukazizira mumatseka chitseko ndi mazenera, nkutsekera nsanza pansi pa chitseko, kenaka nkuyatsa chitofu kuti muothe. Moto uliwonse wosowa mpweya wokwanira umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Umayamba ndi litsipa ndi tulo. Lawi likakhala lachikasu m'malo mwa lobiriwira ngati thambo, tsegulani zenera msanga.

Msuweni wanga akugwiritsabe ntchito kachitofuko, koma pa tiyi wa m'bandakucha pokha. Adawerengetsera kuti nyengo yachisanu, pamene masamba ndi ochepa ndipo mkazi wake sathyola tiyi, malipiro a munthu mmodzi sangagule chitini sabata iliyonse. Nyemba akuphikabe pa nkhuni.