Cifukwa Cace Mwana Wopsya Pang'ono Adwala Kwambiri pa Tsiku Lacitatu

Miyezi ya June ndi July ikafika, mphepo ya mu Lusaka imalowa m'mafupa, ndipo madzulo mbaula imalowetsedwa m'nyumba. Kale ena ankayesa kuti mbaula ndi ya m'makomboni mokha. Koma caka ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anacepa ndi cirala ndipo magetsi anali kuzima usana ndi usiku, malasha anagulidwa ku Kabwata ndi ku Chelstone, ngakhale ku Woodlands ndi ku Kabulonga komwe. Mphika umene unkakhala pamwamba pa citofu unatsikira pansi, pamene mwana wokwawa amafika. Phala lowira kapena madzi osamba akatayikira mwana, nyumba yonse imadzuka ndi mfuu.

Cimene cimazunguza makolo kweni-kweni si usiku wa ngoziwo ai, koma masiku otsatira. Mwana wapsya malo osaposa cikhato cace. Tsiku loyamba walira, laciwiri wasewera nayamwa bwino. Pa tsiku lacitatu thupi latentha, wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, walefuka. Agogo ace akuti ndi malungo, anansi akuti akumera mano, pakuti cironda cikuoneka cabwino ndithu. Komatu mwana wotere angathe kumwalira msanga. Moto unazima kale. Nanga cikumuocha nciani?

Khungu ndilo linga la thupi. Moto ukaliboola, umapha tizirombo tonse ta pamwamba, kotero kuti maola oyamba cironda cimakhala coyera. Koma m'maenje a ubweya ndi a thukuta mumatsala tizirombo tina tosaoneka ndi maso, tochedwa bakiteriya. Kochuka ndi Staphylococcus aureus, kamene kamakhala m'mphuno mwa munthu mmodzi mwa atatu ali onse osamdwalitsa. Pakutha masiku awiri kamakhala katadzaza cironda. Itapita sabata pamafika tina tocokera m'madzi, m'zofunda ndi m'matumbo a wodwala yemwe, monga Pseudomonas aeruginosa, kamene kamabiriwitsa nsaru zomangira cironda ndi kuturutsa pfungo lozuna. Khungu lakufa liribe magazi, motero tizirombo timadya ndi kuswana pamenepo popanda wotipirikitsa.

Pansi pa khungu lakufalo pali alonda. Thupi lonse linamangidwa ndi tizigawo tamoyo timene madokotala amati maselo, ndipo ena mwa maselowa nchito yao ndi kulonda. Wamkulu wao ndi macrophage, dzina lotanthauza wakudya zikulu-zikulu, pakuti amameza tizirombo tathunthu. Mlonda ameneyu alibe maso. Amazindikira mdani pomkhudza, ndipo cimene amakhudza kawiri-kawiri ndi ululu wa kacirombo.

Ululu uli wa mitundu iwiri. Woyamba unapezeka pofufuza kolera, nthenda imene a mu Lusaka aidziwa bwino. Caka ca 1892, Richard Pfeiffer wa ku Berlin anaona kuti tizirombo ta kolera, ngakhale ataticita kutipha ndi kutentha, tinali kuphabe mbira zimene anazibaya nato. Anati ululu uli m'thupi mwa kacirombo momwe, nauchula endotoxin. Lero kwadziwika kuti ululu umenewu ndiwo cikopa cakunja ca tizirombo ta mtundu wa Pseudomonas. Koma kuti umapha bwanji, panapita zaka zoposa 100 osadziwika bwino. Caka ca 1998, Bruce Beutler wa ku America anapeza kanthu ka pa khungu la mlonda kamene kamamva ululuwo, kochedwa TLR4, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2011. Anakapeza pa mbewa zina zimene kanthu kameneka kanali kopunduka cibadwire. Mbewazo sizinali kufa pobayidwa endotoxin, koma tizirombo tamoyo tikazilowa zinali kufa msanga koposa zinzace. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Ululu wokha suononga kwambiri. Coononga ndi mayankhidwe a thupi. Ndipo mayankhidwe omwewo ndiwo amacinjiriza moyo.

Mlonda akamva ululu amaomba ng'oma. Ng'oma yace ndi timadzi tochedwa cytokine, ndipo todziwika kwambiri ndi TNF, IL-1 ndi IL-6. Timadzi timeneti tikafika pa mitsempha ing'ono-ing'ono ya pafupi ndi cironda, mitsemphayo imatanuka, magazi nacuruka, ndico cifukwa cace malowo amafiira ndi kutentha. Makoma a mitsempha amatseguka pang'ono kuti ankhondo a m'magazi aturuke, ndipo madzi amaturuka nao pamodzi, malo natupa. Mafinya amene anthu amanyansidwa nao ndiwo mitembo ya ankhondowo. Tina mwa timadziti timakafika ku ubongo ndi kuuza kuti ukweze kutentha kwa thupi. Zonsezi nzabwino pamene nkhondo iri pamalo amodzi.

Anyamata a ku Katete akafuna mbewa amatentha chire pang'ono. Koma mphepo ikauka, moto womwewo umalumpha njira nukanyeketsa nkhokwe. Ululu ukalowa m'magazi, alonda a m'ciwindi, m'mapapo ndi m'kapamba amaomba ng'oma onse nthawi imodzi. Mitsempha ya thupi lonse imatanuka ndi kudontha, mphamvu ya magazi imatsika, mtima umathamanga koma magazi ofika ku ziwalo sakwana. Impso zimaleka kupanga mkodzo, mapapo amalowa madzi, nzeru zimasokonezeka. Ici ndico madokotala amati sepsis. Munthu wopsya ali pa tsoka lowirikiza, cifukwa maselo ace ophulika ndi moto amataya za m'kati mwao, ndipo alonda amazimva monga amamvera mdani. Ng'oma imakhala itayamba kale kulira tizirombo tisanafike.

Ululu waciwiri ndiwo umagwira mwana uja wa cironda cacing'ono. Uwu kacirombo kamacita kulavula kali moyo. Mitundu ina ya Staphylococcus imalavula ululu wochedwa TSST-1, ndipo ucenjezi wace ndi wodabwitsa. Mwa masiku onse mlonda akameza mdani amanyamula kacidutswa kace kukaonetsa ankhondo ena ochedwa maselo a T, ndipo amene amadzuka ndi okhawo odziwa mdani ameneyo, kapena mmodzi mwa 10,000. TSST-1 imamanga mlonda ndi wankhondo ali yense pamodzi, wodziwa ndi wosadziwa yemwe, kotero kuti angadzuke mmodzi mwa 5. Mudzi wonse umaturuka ndi mikondo usiku, osaona mdani, nulasana wokha-wokha. Nthenda imeneyi inachedwa toxic shock syndrome ndi James Todd, dokotala wa ana wa ku Denver, amene anaifotokoza pa ana 7 caka ca 1978.

Akulu ambiri anakomana nao kale ululu umenewu pang'ono-pang'ono, ndipo magazi ao ali ndi cotsutsa cace. Khanda limalandira cotsutsaco kwa amai ace lisanabadwe, koma cimatha m'miyezi yoyamba, ndipo lace-lace limadza patapita zaka. Pakati pamenepa, msinkhu womwe mwana amakwawa ndi kuyenda dzandi-dzandi pafupi ndi mbaula, ndi pamene alibe comchinjiriza. Kukula kwa cironda sikunena kanthu, pakuti ululu wocepa ndithu ukwanira. Kawiri-kawiri nthendayi imaoneka pakati pa tsiku laciwiri ndi lacinai.

Wina angafunse kuti bwanji osangong'amba ng'oma ija. Zinayesedwa. M'zaka za m'ma 1990 odwala sepsis zikwi zingapo anapatsidwa mankhwala otsekereza TNF, koma sanapulumuke monga kunayembekezeka, ndipo mbewa za Beutler zionetsa cifukwa cimodzi: mudzi wopanda ng'oma umalowedwa mosabvuta. Cifukwa ca ici, nchito ya cipatala iri pa kucotsa gwero la ululu. Wodwala amaikidwa madzi a m'botolo olowa mu mtsempha, amapatsidwa mankhwala opha tizirombo pamodzi ndi ena, monga clindamycin, oletsa kacirombo kupanga ululu. Cironda cimatsukidwa, ndipo cikakhala cakuya khungu lakufa limadulidwa msanga ndi kuikapo lina locokera pa nchafu ya wodwala yemwe, njira imene Zora Janžekovič wa ku Maribor anaibukitsa mu 1970. Mu Lusaka zironda zazikulu zimatumizidwa ku University Teaching Hospital, pa Nationalist Road, kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa ca pa Great East Road, cimene cinatsegulidwa mu 2011 ndipo ciri pafupi kwa a ku Chelstone.

Kunyumba, mankhwala oposa onse ndi madzi oyera ozizira bwino, othiridwa mosaleka pa malo opsya mphindi 20, thupi lina lonse la mwana litapfunditsidwa kuti asazizidwe. Madzi oundana a m'firiji amaonjeza kuononga. Mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi, saladi ndi phulusa, zimene manja acifundo amathamangira, zimangopatsa tizirombo cakudya ndi pobisala. Dothi ndi ndowe zimabweretsa kafumbata. Matuza asaboole munthu. Cironda ciphimbidwe ndi nsaru yocapa ndi kusita, mwana napite ku kiliniki tsiku lomwelo, makamaka ngati ali khanda kapena wapsya kumaso, m'manja kapena kumaliseche.

Akabwerako, masiku anai oyamba ndiwo ofuna maso. Thupi lotentha kwambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, khungu lofiira ngati lopsya ndi dzuwa kutali ndi cironda, kukana bere, tulo tosadzutsika, thewera louma kuyambira m'mawa kufikira masana: cimodzi ca izi cikaoneka, mwana abwerere ku cipatala ngakhale pakati pa usiku. Ndipo pofika kwa namwino, mau oyamba a mai akhale a cironda cija ndi tsiku limene mwana anapsya, ngakhale cabisika pansi pa malaya ndipo cikuoneka ngati cikupola.