HEMA LA PADENGA KAPENA LA PANSI: KODI A MALOLE A KWA MAGODI ASANKHE LITI?

MAGODI: Mwezi wa Juni ukangolowa, misewu ya m'dziko la Mfumu Magodi imadzala ndi fumbi la malole ndi mavaneti. Ena amatuta cimanga, nshawa, soya ndi thonje kucokera m'midzi kupita ku misika, ena amapitirira mpaka ku Chama kukagula mpunga, ndipo ena amatsikira ku cigwa ca Luangwa ndi katundu wa malonda. Ambiri mwa anthuwa dzuwa limawalowera ali panjira, kutali ndi nyumba za alendo za ku Lundazi, ndipo mdima ukagwa aliyense amayamba kufuna pogona.

Bvuto limeneli nlakale. M'masiku a Namboard, bungwe limene linayamba mu 1969 ndi kuthetsedwa mu 1989, oyendetsa malole ndi anyamata ao anali kugona pa madepoti masiku angapo, kuyembekeza kuti awapacikire matumba a makilogramu 90. Wina anali kudzipinda m'kati moyendetsera, wina pamwamba pa matumba, ndipo wosowa malo anali kuyala saka pansi pa lole. Lero bungwe la Food Reserve Agency limagula cimanga m'matumba a makilogramu 50, ogula a paokha acuruka, ndipo dziko la Mfumu Magodi, limene linali m'boma la Lundazi, liri m'boma la Chasefu kuyambira mu 2018. Koma kagonedwe ka anthu a pa msewu sikanasinthe kweni-kweni.

Cacilendo cimene caoneka m'zaka zino ndi magalimoto a alendo okaona nyama, amene amapyola pa Lundazi atasenza bokosi lalikulu padenga. Alendowa akaima madzulo amatsegula bokosi lija, ndipo pa kamphindi kocepa limasanduka kanyumba ka nsaru kokhala ndi matiresi ndi makwerero. Acinyamata amene agula mavaneti ndi ndalama za ulimi akhala akufunsana ngati nkwabwino kuti naonso agule hema lotere, kapena angogula hema wamba lomanga pansi.

HEMA LA PADENGA

Mahema a padenga anali kupangidwa kale ku Italy ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Pambuyo pace anachuka kwambiri ku South Africa ndi ku Australia, maiko amene anthu amayenda mitunda itali-itali m'thengo. Ambiri mwa amene amaoneka m'Zambia amacokera ku South Africa, kwa makampani monga Eezi-Awn ndi Howling Moon.

Ubwino wace ngwoonekeratu. Munthu amagona mamita awiri kucokera pansi, kumene njoka, zinkhanira ndi linthumbu sizifika msanga. Madzi a mvula oyenda pansi samnyowetsa, ndipo safunika kulambula minga kapena kukhomera zikhomo m'nthaka youma ya mwezi wa Okotobala. Matiresi ndi zofunda zimakhala momwemo, cotero munthu wofika wotopa usiku amakhala atagona pasanapite mphindi khumi. Ndiponso wogona pamwamba pa galimoto amamva msanga ngati wina akugwedeza katundu kapena akutsegula thanki ya mafuta.

Koma walira mvula walira matope. Coyamba, hema lotere limalemera makilogramu 50 kufikira 80, ndiko kuti thumba limodzi kapena limodzi ndi theka la cimanga, ndipo limakhala pa galimoto ulendo uliwonse, ngakhale wopita ku cigayo. Kulemera kumeneku kuli pamwamba, motero galimoto imapendekeka kwambiri pa makona ndi pa mabampu, ndipo imamwa mafuta ambiri cifukwa colimbana ndi mphepo. Opanga magalimoto amalemba m'buku la galimoto iriyonse muyeso wa katundu woyenera padenga poyenda, ndipo pa magalimoto ambiri ang'ono muyesowo supitirira makilogramu 100. Denga la Canter kapena la vaneti ya khomo limodzi mbali iriyonse nlaling'ono ndi lopepuka, cotero mwini amakakamizidwa kuwocherezetsa zitsulo pamwamba pa malo a katundu. Zitsulozo zimacepetsa msinkhu wa katundu amene angapacike, makamaka thonje.

Caciwiri, hema likatsegulidwa galimoto yamangidwa. Wogula mbeu amene wakhazika sikelo pa mudzi umodzi kwa milungu iwiri, namatuma galimoto ku Lundazi kapena ku Emusa tsiku ndi tsiku, ayenera kupinda nyumba yace m'mawa uliwonse, ndipo mnzace wotsala pa sikelo amatsala pa mtetete. Wina akadwala usiku, ayamba apinda hema asanathamangire ku cipatala.

Cacitatu ndi makwerero. Kutsika mu mdima munthu ali ndi tulo kwathyola miyendo ya anthu m'maiko ambiri, ndipo nkobvuta kwa okalamba, amai apakati ndi ana. Hemali limalandira anthu awiri, mwina atatu, pamene lole imayenda ndi woyendetsa, mwini katundu ndi anyamata opacika. Pomaliza pali mtengo: hema la padenga latsopano limaposa kakhumi mtengo wa hema laling'ono la pansi, osawerengera zitsulo ndi msonkho wolowetsera m'dziko.

HEMA LA PANSI

Hema la pansi liri la mitundu iwiri. Pali lopepuka la nailoni, losapitirira makilogramu asanu, limene limalowa kuseri kwa mpando. Palinso la nsaru yocindikala, lolemera makilogramu 20 kapena kuposa, limene limapirira dzuwa zaka zambiri ndipo silitentha kwambiri masana. La nailoni limafumbutuka msanga likakhala padzuwa miyezi yathunthu, cotero woyembekeza kukhala malo amodzi nyengo yonse ya msika acita bwino kulifunditsa tenti kapena kulimangira cisakasa ca udzu pamwamba.

Mphamvu ya hema la pansi ndi yakuti limamasula galimoto. Limatsala pa msasa pamodzi ndi sikelo, mapoto ndi mlonda, galimoto nimapita ku nchito. Limalandira banja lonse, ndipo limagwira nchito ngakhale pamene palibe galimoto: pa maliro, pa msonkhano wa mpingo, ku munda polonda mbeu, kapena pa mwambo wa Zengani ku Emusa, pamene alendo amacuruka koposa nyumba. Likang'ambika, telala wa pa msika amalisoka.

Kuipa kwace nkwakuti munthu amagona pamodzi ndi zokwawa ndi madzi. Cifukwa ca ici, wogula ayang'ane zinthu zitatu: pansi pace pakhale posokedwa kumodzi ndi zipupa, zipi ikhale yolimba, ndipo mazenera akhale ndi sefa wosang'ambika. Tenti yofunditsira katundu yongoponyedwa pa cingwe kucokera m'mbali mwa lole, monga amacitira ambiri, imachinga mame ndi mphepo cabe. Mphiri, imene imayenda usiku ndipo siithawa ikamva mapazi, imalowa pansi pa tenti yotere mosabvuta. Nsapato zigone m'kati mwa hema, zipi itsekedwe ngakhale masana, ndipo wotuluka usiku atenge tochi.

Malo omangapo asankhidwe dzuwa lisanalowe. Akhale okwera pang'ono, kutali ndi dambo, curu ndi una, ndiponso asakhale m'khwawa louma, pakuti mvula yogwa ku mapiri imatsitsa madzi usiku ngakhale pamalopo pasanagwe dontho. Pa mudzi, mlendo ayambe waonekera kwa a nyakwawa asanakhome cikhomo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlendo wodziwika kwa eni mudzi amagona motetezeka koposa wobisala m'thengo.

ZIMENE ZIMAPHA A PAULENDO

Pokambirana za mahema anthu amachula njoka ndi afisi, koma zimene zimatenga miyoyo kawiri-kawiri ndi zina, ndipo hema la mtengo wapatali silizichinga.

Coyamba ndi udzudzu. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo mamita awiri a galimoto si kanthu kwa iwo. Wogona padenga zenera liri lotsegula ali pa ngozi yofanana ndi wogona pansi. Malungo amaonekera patapita masiku 10 kufikira 15, munthu atabwerera kale kwao, ndiye cifukwa cace ambiri saganiza kuti anawatenga pa ulendo. Neti yonyikidwa m'mankhwala, monga imene Unduna wa Zaumoyo umagawa kwaulere, iyende ndi galimoto monga momwe limayendera gudumu lapadera. Womva kutentha thupi atabwera ku ulendo apite kukapimitsa magazi tsiku lomwelo.

Caciwiri ndi mbaula. M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku umazizira kwambiri ku mtunda kwa Lundazi, ndipo munthu amakopeka kulowetsa mbaula m'hema, m'kati moyendetsera kapena pansi pa tenti. Makala oyaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena utsi. Umayamba ndi mutu ndi cizungulire, kenaka tulo tosadzuka nato. Makala ooneka ngati azima ndiwo oopsa koposa. Injini yosiyidwa ikulira usiku imatulutsa mpweya womwewo. Mbaula itsale panja, patali ndi nsaru, ndipo mankhwala a mphepo akhale bulangeti laciwiri.

Cacitatu ndi kugona pansi pa lole. Buleki ya dzanja imatha kumasuka, jeke imatha kuterereka, ndipo woyendetsa wodzuka mbandakuca angalize injini osadziwa kuti mnyamata wace ali pakati pa magudumu. Cakudza siciimba ng'oma. Galimoto iime pa malo osatsetsereka, isiyidwe m'giya, magudumu apingidwe ndi miyala, ndipo hema limangidwe cambali, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwace. Woyendetsa azungulire galimoto ndi kuwerenga anthu ace asananyamuke.

Cacinai ndi kufunda tenti imodzi ndi katundu. Cimanga ca m'nkhokwe zazikulu cimafukizidwa ndi mapiritsi ophera anankafumbwe, amene amatulutsa mpweya wakupha wochedwa phosphine kwa masiku angapo. Munthu asagone pansi pa tenti yophimba mulu wa matumba ofukizidwa kapena pafupi nao, ndiponso asagone pakati pa zigubu za petulo ndi mankhwala a thonje.

Palinso mphenzi. Hema la padenga kapena la pansi siliteteza munthu ku ciphaliwali. Mvula ya mabingu ikafika, malo abwino ndi m'kati mwa galimoto, zitseko ndi magalasi zitatsekedwa.

KU CIGWA

Nkhani imasintha pang'ono kwa amene amatsikira ku Luangwa, ku maiko a Mfumu Kazembe ndi Mfumu Chitungulu, kufupi ndi nkhalango za nyama za Luambe ndi Lukusuzi zimene zinakhazikitsidwa monga mapaki mu 1972. Kumeneko njobvu, mvuu, afisi ndi mikango zimayenda usiku, ndipo uku ndiko kumene hema la padenga limapatsa mtima mpumulo. Komabe njobvu yaikulu imatalika mamita atatu, motero citamba cace cimafika padenga lirilonse.

Cimene cimateteza munthu ndi khalidwe lace. Asamange pa njira ya mvuu yocokera ku madzi, kapena patsinde pa msangu ndi mfula pamene zipatso zace zikugwa, pakuti njobvu zimazikonda. Apewenso mvunguti, umene zipatso zace zolemera zingaswe galasi kapena mutu. Zakudya, makamaka nsomba, nyama ndi malalanje, zitsekeredwe m'galimoto. Munthu agone thupi lonse m'kati mwa hema lotseka, pakuti fisi amaluma wogona poyera. M'kati mwa paki nkosaloledwa kugona pena paliponse koma pa misasa yobvomerezeka ndi Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama za m'Thengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Ndipo mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, dothi lakuda la ku cigwa limagwira magalimoto, ndipo yolemera pamwamba ndiyo imabvutika koposa.

KUSANKHA

Mwini galimoto asanatulutse ndalama adzifunse mafunso atatu. Kodi amagona malo atsopano usiku uliwonse, kapena amakhala pamodzi masiku ambiri? Kodi amayenda ndi anthu angati? Kodi galimoto yace imadyera kunyamula katundu?

Woyenda yekha kapena ndi mnzace mmodzi, wosintha malo tsiku ndi tsiku, wokhala ndi galimoto yolimba yosadzaza katundu, monga wonyamula alendo ku cigwa, angapindule ndi hema la padenga. Koma kwa mlimi ndi wamalonda wa kwa Magodi, amene galimoto yace ndiyo khasu lace, hema la pansi losokedwa bwino ndilo loyenera. Ndalama zotsala zigule maneti a anyamata onse, mabulangeti, tochi ndi gudumu lapadera labwino.

Amai ndi akulu a pa mudzi amene amatsazika ana ao opita ku misika ali ndi mbali yao pa nkhaniyi. Pomangira mwana kamba wa paulendo, amfunse ngati watenga neti, ndipo amkumbutse kuti mbaula igone panja, iye asagone pansi pa lole. Thumba la cimanga likabedwa limapezeka lina caka camawa, koma mnyamata wopacika matumba ali ndi amace amene akumuyembekeza ku mudzi.