Oda ya boma: werengerani miyezi yodikira musanapereke katundu

Boma ndiye wogula wamkulu m'dziko muno. Zipatala, ndende, makhonsolo ndi sukulu zasekondale zogonera komweko zimagula nyemba, ufa, nkhuni, sopo ndi mapepala, komanso zimafuna osoka yunifolomu ndi okonza galimoto. N'chifukwa chake amalonda ambiri amalakalaka atapata oda ya boma. Koma dziwani ichi: boma sililipira pompopompo ngati kasitomala wa pamsika. Mukapereka katundu ndiye kuti mwalikongoza, ndipo tsiku lobweza ngongoleyo simusankha ndinu.

Choyamba ndi mapepala. Lembetsani bizinesi yanu ku ofesi ya Registrar General, tengani TPIN ku MRA pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, kenako lembetsani ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma. Tsegulaninso akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo, pakuti ndalama za boma zimadzera kubanki. Kubwereka mapepala a mnzanu n'kudzitchera msampha: ndalama zikatuluka zidzalowa mu akaunti yake, inu n'kumamuyenderanso ngati wopempha.

Pa zogula zing'onozing'ono, dipatimenti imapempha makotesheni kwa ogulitsa osachepera 3, ndipo komiti yoona zogula ya pa ofesipo ndiyo imasankha. Wosankhidwayo amapatsidwa LPO, pepala losonyeza katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo. Popanda LPO yosainidwa ndi kudindidwa, musakweze thumba ngakhale limodzi pagalimoto. Mawu akuti "bweretsani kaye, mapepala tikonza mawa" alowetsa ambiri m'mavuto. Bwana amene anakulonjezaniyo akasamutsidwa, wobwera pampandopo amafunsa pepala, safunsa lonjezo.

Pofikitsa katundu, woyang'anira sitolo awerenge inu mukuona, asaine pepala loti walandira, ndipo inu mutsale ndi kope. Invoisi yanu igwirizane ndi LPO pa dzina, nambala ndi mtengo. Kasiyana pang'ono, fayilo imabwerera, ndipo masabata amapita.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwapeza oda ya matumba 40 a nyemba. Mwagula thumba pa K100,000, zonse K4,000,000, ndipo thiransipoti ndi onyamula adya K200,000. Mwagulitsa pa K120,000 thumba, zonse K4,800,000. Polipira, dipatimenti idula msonkho wa 3 peresenti wopita ku MRA, womwe ndi K144,000. M'manja mwanu mufika K4,656,000, phindu K456,000. Zikuoneka bwino ndithu.

Koma ngati K4,000,000 ija munakongola pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi, mwezi uliwonse mukutaya K200,000. Ikatha miyezi 3 musanalipidwe, chiwongoladzanja chafika K600,000, phindu lonse lapita ndipo mwayamba kudya mpamba. Wokongola kwa akatapila ndiye mwezi umodzi wokha wamumaliza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya mitengo. Mtengo wa pa LPO susintha, pamene wa pamsika suima. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anali kudikira malipiro nthawi imeneyo analandira ndalama zosakwanira kuodanso katundu wofanana ndi amene anapereka. Choncho pa kotesheni yanu lembani masiku amene mtengowo ukugwira ntchito, monga 14 kapena 30, ndipo ikanimo kangachepe kolipira nthawi yodikira.

Yang'ananinso kalendala. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Oda yobwera chakumapeto kwa chaka ikapanda kulipidwa msanga, ikhoza kulowa m'gulu la ngongole zotsalira, ndipo zimenezo zimachedwa kwambiri. Funsani ku ofesi ya akaunti ngati ndalama za oda yanuyo zilipo kale. Funsaninso anzanu amene anaperekako katundu kumeneko kuti anadikira nthawi yaitali bwanji, pakuti madipatimenti salipira mofanana.

Wina akakupemphani "kangachepe" kuti fayilo iyende, kapena kuti musaine katundu yemwe simunapereke, kanani ndipo kaneneni ku ACB. Pa milandu ya Cashgate ya 2013, amabizinesi amene analandira ndalama za katundu wosaperekedwa anamangidwa limodzi ndi ogwira ntchito m'boma.

Kwa oyamba kumene, yambani ndi oda yaing'ono yomwe mungaikwanitse ndi ndalama zanu, osati zangongole. Musaike mpamba wonse kumeneko. Benchi lanu la pamsika lipitirire kuyenda kuti pakhomo pasagone njala. Ndipo musaiwale kutenga chikalata cha msonkho wodulidwa uja, chifukwa MRA imauchotsera pa msonkho wanu wa pachaka.