Waphonya ndani, woimba kapena kiyibodi?

Masiku ano n'zovuta kumva nyimbo yatsopano pa wailesi yomwe mawu a woimba sanadutse mu Auto-Tune. Pulogalamuyi inatuluka mu 1997, ndipo lero mumaipeza ngakhale m'situdiyo ya m'kachipinda ku Ndirande. Ntchito yake ndi kukokera mawu a munthu pa manotsi a kiyibodi.

M'situdiyo ina mu Blantyre, atsikana atatu okulira m'kwaya ya kutchalitchi ankajambula kolasi ya nyimbo yachikondi. Anayamba kuyeserera popanda choimbira chilichonse, ataima mothinana, wa alto atatseka khutu limodzi ndi chala, maso ali pakamwa pa mnzake wa soprano. Atafika pa mawu otalika a kumapeto, mawu awo anagwirana ngati akutuluka pakhosi limodzi. Koma pakompyuta mzere wa alto, yemwe ankaimba mi, unaoneka wotsika pang'ono. Wojambula anaukweza. Pomvetseranso, kolasi ija inali itauma, ndipo pakati pa mawuwo panabuka kakunjenjemera komwe poyamba panalibe.

Wojambulayo ankati mtsikanayo waphonya. Mphunzitsi wawo wa kwaya, bambo wachikulire amene anawaperekeza, anakanitsitsa, ndipo masamu ali kumbali yake. Kiyibodi imagawa mtunda wochokera pa do kufika pa do wam'mwamba m'magawo 12 ofanana, lililonse masenti 100, kotero mi amakhala pa 400. Khutu lokha limakhazikika pamene mi akugwedezeka kasanu pomwe do wagwedezeka kanayi, ndipo apo ndi pa masenti 386. Mtsikanayo sadziwa manambalawa. Ankangotsatira pomwe mawu akukoma. Pa so kusiyanako ndi masenti awiri okha, n'chifukwa chake palibe amene amakanganirapo.

Wojambula naye sakunama. Nyimboyo ili ndi kiyibodi ndi gitala, ndipo alto akakhala pa 386 kiyibodi ili pa 400, ziwombana. Chodandaulitsa n'chakuti amene amagonja nthawi zonse ndi munthu, pamene kutontholetsa kiyibodi ndi gitala pa kolasi yokhayo kukanathetsa nkhaniyi.

Ndiponso kiyibodi si muyeso wokhawo. Kumunsi kwa Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, oimba ulimba amachuna timatabwa tawo pogawa mtunda uja wa do mpaka do m'magawo asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, lililonse pafupi ndi masenti 171. Ambiri mwa manotsi amenewa pa kiyibodi palibe, koma anthu amavina mpaka kucha.