Chigamulo chilibe miyendo

Lolemba pa 3 Febuluwale 2020 ambirife tidaswera pambali pa wailesi, kumvetsera majaji asanu akuwerenga chigamulo ku bwalo la milandu mumzinda wa Lilongwe. Pofika madzulo, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo adafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, nalamula kuti chisankho china chichitike pasanathe masiku 150.

Chomwe tiyenera kuchilingalira, okondedwa awerengi, nchakuti anthu asanuwa adalibe mfuti kapena thumba la ndalama. Ngakhale asilikali omwe adawaperekeza tsikulo adali pansi pa ulamuliro wa mtsogoleri yemweyo amene adagonja pamlanduwo. Chomwe adali nacho m'manja ndi mapepala a masamba pafupifupi 500 basi. Nanga mphamvu ya mapepalawo idachokera kuti?

Tiyambe ndi momwe woweruza amafikira pa chigamulo. Gawo 9 la malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adakhazikitsidwa mu 1994, limalamula makhoti kugwira ntchito moima paokha ndi mosakondera, poyang'ana zinthu ziwiri zokha: mfundo zokhudza mlanduwo ndi zomwe lamulo likunena. Nchifukwa chake jaji saloledwa kugamula potengera zomwe wamva pamaliro kapena pamsika. Amayamba wafunsa kuti chidachitika nchiyani, ndipo yankho lake limachokera mu umboni womwe waperekedwa m'bwalo, mbali inayo nkupatsidwa mwayi woupanikiza ndi mafunso. Pamlandu waupandu, boma liyenera kutsimikiza kulakwa kwa woimbidwa mlandu mosasiya chikaiko chomveka. Pamlandu wa anthu awiri okanganirana malo, ngongole kapena ntchito, amapambana ndi yemwe umboni wake ukulemera kuposa wa mnzake.

Ndi momwe zidayendera pamlandu wa chisankho uja, womwe a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera adasumira a Peter Mutharika pamodzi ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala 2019, majaji adamvetsera mboni ndi kuunika mapepala a zotsatira. Adapeza ena atafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena ali obwereza, enanso opanda siginecha. Sadagamule kuti wakuti adaba mavoti angati. Adati zolakwikazo zidali zofala ndi zazikulu kotero kuti zotsatirazo sizikadadalirika.

Akapeza chomwe chidachitika, jaji amafunsa funso lachiwiri: lamulo likuti chiyani? Apa amawerenga mawu a lamulolo ndi zigamulo zam'mbuyo, makamaka za mabwalo aakulu, kuti milandu yofanana izigamulidwa mofanana. Komabe chigamulo chakale chitha kukonzedwa. Pamlandu wa a Gwanda Chakuamba wotsatira chisankho cha 1999, bwalo la apilo lidamasulira gawo 80 kuti wopambana ndi yemwe wangoposa anzake mavoti. Mu 2020 majaji adati mawuwo akutanthauza kupitirira theka la mavoti onse, ndipo bwalo la apilo lidavomereza kumasulira kumeneku pa 8 Meyi chaka chomwecho.

Chomaliza, jaji amapereka zifukwa zake poyera. Ichi ndicho chimasiyanitsa chigamulo ndi nkhanza. Wogonja amayenera kuona njira yomwe woweruza wayenda, kuti ngati wapeza pomwe wakhota akadandaule ku bwalo la pamwamba: kuchoka kwa majisitireti kupita ku bwalo lalikulu, kuchoka uko kupita ku bwalo la apilo. Ifenso tikudziwa zomwe zimachitika chitetezo chotere chikasowa. Mu 1983 a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera adagamulidwa kuti aphedwe m'bwalo lamakolo momwe sadaloledwe kukhala ndi loya, ndipo a Orton adamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Mdani wamkulu wa zonsezi ndi chiphuphu. Si pachabe kuti mu Deuteronomo 16 Aisraele adachenjezedwa kuti oweruza awo asakondere kapena kulandira mphatso, pakuti zimadetsa maso a munthu wanzeru yemwe. Mlandu wa chisankho uli mkati, mkulu wa majaji panthawiyo, a Andrew Nyirenda, adakanena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kuti wina akufuna kugula majajiwo, ndipo mu 2021 bwalo lalikulu lidapeza munthu wina wamalonda wolakwa pankhaniyi. Akadalandira ndalamazo, masamba 500 aja akadakhala mapepala okulungira mandasi.

Komatu ngakhale chigamulo chikhale cholungama chotani, chilibe miyendo. Sichidzuka chokha pa tebulo la jaji. Pamlandu waupandu, apolisi ndi oyang'anira ndende ndiwo amachinyamula. Pamlandu wa ngongole kapena chipukuta misozi, wogonja akakana kulipira, wopambana amabwereranso kukhoti kukatenga chikalata choti masherifu akalande katundu ndi kumugulitsa, kapena choti banki itapeko ndalama za wangongoleyo. Wonyozera dala lamulo la bwalo atha kulipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa kumene. Pa sitepe iliyonse pamafunika munthu wina woti amvere.

Mu 2020 kumvera kumeneku sikudabwere mophweka. A Mutharika adakana kusainira mabilu ena omwe Nyumba ya Malamulo idavomereza pokonzekera chisankho chatsopano, ndipo mu Juni boma lidayesa kutumiza mkulu wa majaji kutchuthi choyembekezera kupuma pantchito. Bwalo lalikulu lidaimitsa zimenezo, maloya nkuyenda m'misewu atavala mikanjo yawo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero akuluakulu, ndipo ena adayamba kukaika ngati chigamulocho chidzatsatidwe. Komabe aphungu adaika tsiku, ogwira ntchito za chisankho adagwira ntchito yawo, asilikali adasunga bata, ndipo pa 23 Juni 2020 Amalawi adaponyanso voti. A Chakwera adapambana, a Mutharika adatula udindo. Mu 2025 a Mutharika adabwerera pampando kudzera m'bokosi la voti, pansi pa lamulo lomwelo la kupitirira theka. Bwalo silidasankhire dziko mtsogoleri. Lidangoteteza njira yosankhira.

Nkosavuta kuombera m'manja chigamulo chomwe chagwera wina. Mayeso enieni amafika chikagwera ife. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pamalamulo a dziko lino. Koma tonse tikudziwa za amayi amasiye omwe amatuluka m'khoti atapambana, nkukapeza achibale a malemu akadali m'nyumba ija, akunena kuti za pepala nzakutauni. Tikudziwa za antchito ochotsedwa mopanda chilungamo omwe amayendera ndalama zawo mpaka nsapato kutha. Owakaniza ufulu wawowo si alendo ayi. Nthawi zambiri ndi ife tomwe, timene timakhala pabenchi limodzi Lamulungu m'mawa.

Mu Luka 18 muli fanizo la mayi wamasiye yemwe adavutitsa woweruza wosaopa Mulungu mpaka adamuweruzira mlandu wake. Kawirikawiri timadziika m'malo mwa mayiyo, ndipo si kulakwa. Koma m'fanizomo mulinso munthu wachitatu yemwe sitimukumbukira: mdani wa mayiyo, amene adayenera kubweza zomwe adalanda woweruza atagamula. Bwenzi zitamuthandizanji mayiyo misozi yake yonse ija, munthu ameneyu akadangoti ayi, anansi nkungoyang'ana?

Choncho, abale ndi alongo, ngati tili mboni tikanene zomwe tidaona, osati zomwe atiuza kuti tikanene. Ngati tili akalaliki a khoti, apolisi kapena masherifu, tisasowetse fayilo ya mmphawi kapena kudikira kangachepe. Ngati bwalo latigamula molakwika, khomo la apilo lilipo. Tidzere kumeneko, osati kwa sing'anga, kwa wandale kapena kuchikwanje. Ndipo ngati tagonja ndipo mumtima tikudziwa kuti munda uja si wathu, tisadikire masherifu. Mlandu suwola. Titulutsemo makasu athu mvula isadagwe, mwini wake alime chaka chino.