Thukuta lili pawiri: lina loziziritsa thupi, lina lobweretsa fungo

Mwezi wa Okutobala, mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akamaunga mizere dzuwa likuswa mtengo, angathe kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi. Madziwa amatuluka m'timatumba ting'onoting'ono ta m'khungu, tomwe munthu mmodzi amakhala nato pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni.

Timatumbati tilipo ta mitundu ikuluikulu iwiri. Tochuluka kwambiri, tomwe madokotala amatitchula kuti eccrine, tili pafupifupi thupi lonse, koma tinachulukira m'zikhatho, kupansi kwa mapazi ndi pamphumi. Thukuta lake ndi madzi osakanikirana ndi mchere pang'ono, ndipo likamauma limachotsa kutentha m'thupi.

Tina, totchedwa apocrine, timapezeka makamaka m'khwapa ndi m'mphechepeche. Timayamba ntchito munthu akatha msinkhu, n'chifukwa chake mwana wamng'ono ngakhale ataswera pabwalo sanunkha kukhwapa. Thukuta la timatumbati ndi lamafutamafuta, ndipo potuluka silikhala ndi fungo. Fungo limadza tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala pakhungu, tikayamba kulidya.

M'tauni, ndalama zambiri zimathera pa zopopera zolimbana ndi thukuta lachiwirili, pomwe lomwe limakhudza moyo weniweni ndi loyambalo. Munthu akataya madzi ndi mchere wambiri osabwezeretsa, amamva chizungulire, minofu imakokana, ndipo thupi likalephera kudziziziritsa akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene.

Kwa alimi a fodya pali vuto linanso. Khungu lonyowa ndi thukuta, mame kapena mvula limalowetsa mosavuta chikonga cha m'masamba aawisi a fodya. Wothyolayo, ngakhale asanasutepo chibadwire, amamva nseru ndi mutu, nthawi zina n'kumasanza. Lipoti lomwe bungwe la Plan International linatulutsa mu 2009 linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chokwana mamiligalamu 54 pa tsiku, chofanana ndi cha ndudu 50.

Choncho wothyola fodya ku Mpingu kapena ku Nambuma ayenera kudikira mame aume, kuvala malaya a manja aatali, kuwasintha akanyowa, ndi kusamba ndi sopo akangoweruka. Kusanzako kukapitirira, athamangire kuchipatala, monga cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete, ndipo akauze adokotala kuti amathyola fodya.