Bilu ikakwera, yambani mwafunsa mita

M'makomo ambiri a m'tauni, tsiku lofika bilu ya madzi ndi tsiku la milandu. Bambo amaloza ana kuti amachedwa kubafa. Mayi amaloza wochapa. Alandilodi amaloza alendi, alendi n'kumalozana okhaokha, ndipo pomaliza onse amagwirizana chimodzi, choti a Water Board awabera. Bilu imatha kulakwikadi, ndipo ufulu wokadandaula muli nawo. Koma m'makomo amene ine ndakhalamo ndi amene ndayendamo, wotha madzi kawirikawiri sakhala pakati pa oimbidwa mlanduwo. Amakhala kawasha kakutha mumpope, thanki ya kuchimbudzi yosatseka bwino, kapena paipi yodyeka ndi dzimbiri pansi pa nthaka. Mboni yoti n'kuthetsa mkangano wonsewo imakhala ili phee pafupi ndi geti, udzu utaikwirira, popanda woifunsa.

Madzi a m'matauni m'Malawi muno amagawidwa ndi mabungwe asanu: Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board, ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Onsewa malire awo ndi amodzi. Paipi yochokera mumsewu kudzafika pa mita ndi udindo wawo. Kuyambira pa mita kulowa kwanu, udindo ndi wanu. Dontho lililonse lodutsa pa mita lawerengedwa basi, kaya mwaphikira nsima, kaya lamwedwa ndi dothi kuseri kwa nyumba. Amene ali ndi mita yolipiriratu nawonso sapulumuka. Iwo bilu saiona, amangodabwa kuti mayunitsi a mwezi wathunthu atha m'masabata awiri.

Kuwerenga mita

Vundukulani chivundikiro, pukutani galasi. Manambala akuda amawerenga makiyubiki mita, ndipo ndi amene amalembedwa pa bilu. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena tinene zigubu 50 za malita 20. Manambala ofiira, kapena timivi tofiira pa mamita ena, amawerenga tizigawo tating'ono mpaka kufika pa lita imodzi. Mamita ambiri alinso ndi kagudumu kakang'ono pakati, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa ochepa kwambiri. Kameneko ndiye bwenzi lanu.

Sankhani nthawi imene madzi akutuluka m'mipope, chifukwa akasiya mita imaima ndipo ingakupusitseni kuti zonse zili bwino. Tsekani mipope yonse, wa panja womwe. Dikirani thanki ya kuchimbudzi idzaze. Ngati muli ndi thanki yosungira madzi, tsekani valavu yake. Uzani onse pakhomo kuti asagwire mpope, kenako khalani pansi muyang'anitsitse kagudumu kaja kwa mphindi zingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kakamayenda, ngakhale mozemba chotani, madzi akuthawira penapake.

Kudontha kwina kumachepa moti diso silingakugwire pa mphindi zisanu. Pamenepo lembani manambala onse, akuda ndi ofiira, pokagona, kapena ajambuleni pa foni. M'mawa kawerengeninso munthu asanatsegule mpope kapena kugujumula chimbudzi. Usiku ndi nthawi yabwino pa chifukwa chinanso: anthu ambiri akagona madzi amakhala ndi mphamvu m'mapaipi, ndipo kabowo kalikonse kamatulutsa ambiri. Tiyerekeze kuti pa maola 8 mwapeza kuti padutsa malita 60. Ndiye kuti patsiku ndi 180, pamwezi 5,400. Amenewo ndi madzi amene mukulipira osawaona n'komwe.

Kumene madzi amathawira

Mukadziwa kuti pali vuto, musathamangire khasu. Yambani mwalipanikiza vutolo. Nyumba zambiri zili ndi valavu pamene paipi imalowera m'khoma. Itsekeni. Mita ikapitirira kuyenda, bowo lili pakati pa mita ndi nyumba, m'nthaka. Ikaima, vuto lili m'kati, ndipo mutsegulenso n'kumatseka mbali imodziimodzi: chimbudzi, giza, sinki, nyumba ya kuseri. Mbali imene mwatseka kagudumu n'kuima, ndi komweko.

M'kati mwa nyumba, woyamba kumukayikira ndi chimbudzi cha madzi. Chimataya madzi ambiri kuposa mpope wodontha, koma sichinyowetsa pansi, ndiye palibe amadandaula. Madziwo amangotsetsereka mwakachetechete kutsikira m'mbale usana ndi usiku. Vundukulani thanki yake, muthiremo tiyi wakuda bii kapena utoto wa m'zakudya, ndipo mudikire mphindi 20 osagujumula. Mtunduwo ukaonekera m'mbale, labala yotseka pansi pa thanki yatha. Yang'ananinso msinkhu wa madzi. Akamafika pa kapaipi kotayira osefukira, ndiye kuti chibaluni choyandama chija sichikutseka, mwina chabooka n'kumwa madzi, mwina kawasha ka pa valavu yake katha. Zonsezi zimapezeka m'mashopu a hadiweya.

Mpope wodontha timauzolowera mpaka phokoso lake kusiya kulimva. Komatu dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita pafupifupi 30 patsiku. Ngati simukukhulupirira, tcherani botolo la lita imodzi muone nthawi imene litenge kuti lidzaze. Kukonza kwake si kwa pulamba ayi. Tsekani valavu ya pa mita, tsegulani mpopewo kuti madzi otsalira atuluke, masulani mutu wake ndi sipanala, ndipo pansi pake mupeza kawasha kakuda kataphwatalala kapena kung'ambika. Katengeni popita kukagula kuti musalakwitse saizi. Mipope yambiri ya m'nyumba ndi ya hafu inchi. Mipope yamakono yongopotoza pang'ono ilibe washa wotero, imafuna kusintha kachipangizo konse ka m'kati. Ndipo ana auzidwe kuti kumanga mpope ndi mphamvu zonse sikuletsa kudontha, kumangomaliza washa.

Thanki ya pamwamba ili ndi khalidwe lake. M'madera amene madzi amabwera pakati pa usiku, chibaluni chake chikafa imasefukira anthu ali m'tulo, n'kusiya kusanache. Umboni umatsala pa miyendo ya sitandi: ndere zobiriwira, dzimbiri, ndi kadzenje kokumbika ndi madzi pansi pake. Nayo giza imadonthako pang'ono pa kapaipi kake ikamatenthetsa madzi, ndipo zimenezo si vuto. Koma ikamangochucha osalekeza, valavu yake yatha. Apa pokha ndikuchondererani: musanatseke madzi opita ku giza, thimitsani magetsi ake. Ikayaka ilibe madzi, chotenthetsera chake chimapsa.

Paipi ya m'khoma imadziulula yokha kwa amene akuyang'ana. Penti imatukumuka, pulasitala imafumbutuka mukaigwira, pamatuluka zoyera ngati mchere, kabati ya pansi pa sinki imafufuma, chipinda chimanunkha chinyontho. Chiswe nachonso chimakonda malo otero. Kumbukirani kuti madzi amatsika, choncho kawirikawiri bowo limakhala pamwamba pa banga lonyowalo kapena chapambali. Ndipo khoma lonyowa lomwe lili ndi soketi ya magetsi si loseweretsa.

Za pansi pa nthaka

Bowo lovuta kulipeza ndi la m'nthaka. Ndinaonerera likusakidwa kwa azakhali anga, pakhomo pamene mabanja atatu ankagwiritsa ntchito mita imodzi ndipo anali atasiya kupatsana moni chifukwa cha bilu. Unali mwezi wa Okutobala, bwalo lonse lili gwa, udzu utauma. Pulamba amene anabwera anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Sanayambe ndi kukumba. Anaima pa mita, n'kuyang'ana kumene kunali mpope wa panja, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono potsata mzere umenewo, maso ali pansi. Chapakati, pafupi ndi mtengo wa mango, panali kamalo kosaposa lichero pomwe kapinga anali wobiriwira, ndipo panali patamera timbewu ta tomato tomwe palibe anadzala.

Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuikhazika pa paipi ya mpope, chogwirira n'kuchitsamiza pa khutu. Atamvetsera anandikodola kuti nanenso ndimve. Mipope yonse inali yotseka, koma m'chitsulomo munkamveka kuti siii, mosalekeza. Anabwerera pa kapinga paja, n'kuponda ndi chidendene, nthaka n'kulowa. “Mayi, madzi anu ali apa,” anawauza azakhali. Atakumba pang'ono dothi linasanduka matope, ndipo pansi pake panali elibo yachitsulo yodyeka pa mazinga. Kabowo kake kanali kochepa kuposa mutu wa machesi, koma timizu ta mango tinali titakakulunga kale.

Mapaipi achitsulo amayambira pa mazinga kudyeka chifukwa podula mazingawo chitsulo chimapyapyala ndipo chokutira chake choteteza dzimbiri chimachoka. Paipi yotere ikabooka malo amodzi, dziwani kuti kwinako kwatsala pang'ono. Kusintha mzere wonse kumapweteka m'thumba kamodzi. Kuzigamba kumapweteka chaka chilichonse. Mapaipi a pulasitiki sachita dzimbiri, koma ali ndi adani awo: khasu la wolima maluwa, matayala a galimoto pamene paipi inakwiriridwa pamwambamwamba, mwala wakuthwa m'ngalande, ndi dzuwa, lomwe limaumitsa PVC yosiyidwa pamtunda mpaka kumathetheka.

Kukonza kokhalitsa

Tonse timaidziwa mphira ya chubu cha njinga. Paipi ikaphulika Lamlungu madzulo, kuikulunga ndi mphira n'kumanga zolimba ndi nzeru ndithu, ndipo imakufikitsani m'mawa. Vuto ndi loti mphira yomangidwa kuti igone usiku umodzi imatha zaka, itakwiriridwa n'kuiwalika, ikuchucha. Chimodzimodzi kuwamba nsonga ya PVC pamoto wa mapepala kuti ikule n'kulowetsamo inzake. Pulasitiki yowambidwa imafooka, ndipo pamenepo ndi pomwe padzang'ambike.

Paipi iliyonse ili ndi kalumikizidwe kake. Ya PVC mumadula chigawo chowonongekacho, kupala m'mphepete, kupukuta mpaka kuuma, kupaka guluu wake mbali zonse ziwiri, n'kulumikiza ndi soketi. Musatsegule madzi nthawi yolembedwa pa chitini isanakwane. Pogula nenani kuti mukufuna ya madzi a mphamvu, chifukwa yotayira madzi a kubafa ndi yopyapyala, ndipo yodutsitsa mawaya a magetsi siyoyenera n'komwe. Paipi yakuda yopindika sigwira guluu. Ili ndi zolumikizira zake zomanga ndi manja. Yobiriwira ya PPR imalumikizidwa ndi makina otenthetsera, ndipo imeneyo asiyireni odziwa. Pa mazinga kulungani tepi yoyera ija motsata mbali imene mumangire, kuti pomanga isavuluke. Mukamaliza, tsegulani madzi dzenje lisanakwiriridwe, pukutani polumikizapo, dikirani, n'kugwirapo ndi pepala louma. Kenako bwererani ku mita mukaone ngati kagudumu kaima. Pulamba wabwino sakwiya mukamupempha zimenezi musanamulipire.

Nkhani si ya ndalama yokha

Bowo lotulutsa madzi limathanso kulowetsa. Madzi akasiya, mphamvu ya m'paipi imatha, ndipo otsalira akamatsetserekera kumunsi amakoka zomwe zazungulira bowolo. Ngati paipi yadutsa m'ngalande, pafupi ndi chimbudzi chokumba kapena dzenje la madzi a kubafa, zimene zalowazo zidzatulukira pa mpope wa kukhitchini madzi akabweranso. Dziko lino linataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022, ndipo sitiyenera kuuzidwanso kuti madzi akumwa ndi zonyansa zisamakumane.

Ganiziraninso ulendo wa madziwo. Ambiri mwa amene amamwedwa mu Blantyre amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, n'kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. A ku Lilongwe amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu. A ku Mzuzu ndi a ku Lunyangwa, a ku Zomba ndi a ku Mulunguzi. Amasefedwa, kuthiridwa mankhwala, kukankhidwa mtunda wonsewo, kuti akathere pansi pa mtengo wa mango, masitepe khumi asanafike pa ndowa. Ndipo paipi ikamataya kumunsi, amene amayamba kusowa madzi ndi wa kumtunda, mayi amene amadzuka 2 koloko usiku kukatchera zigubu. N'chifukwa chake paipi yophulika mumsewu, ngakhale siili pa bilu yanu, ndi yofunika kuinena ku Water Board tsiku lomwelo, osayembekeza kuti anena ena.

Chimene ndimapempha pakhomo lililonse ndi chaching'ono. Aliyense wamkulu, ndi mwana wozindikira yemwe, adziwe pamene pali valavu ya pa mita ndi mbali yotsekera, ndipo muziipotozako nthawi ndi nthawi kuti isagwirane ndi dzimbiri. Madzi akasiya, zungulirani mipope yonse musanagone kapena kuchoka, chifukwa mpope woiwalika wotsegula umatha kutaya usiku umodzi madzi a sabata yathunthu. Ndipo pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse lembani manambala a pa mita m'kope. Miyezi itatu ikakwana mudzakhala mukudziwa madzi amene banja lanu limagwiritsadi ntchito, ndipo tsiku limene nambala idzalumphe mudzayamba kusaka sabata yomweyo, khoma lisananyowe ndipo ngongole isanakule.